Kutentha thupi kopanda malungo: tiyambe kufunsa za mileme

Chida choyezera malungo cha mRDT chikaonetsa mzere umodzi, mayi mtima umakhala pansi, wachipatala naye amalemba panado m'buku n'kuitana wotsatira pamzere. Nthawi zambiri palibe cholakwika pamenepo, chifukwa kutentha thupi kochuluka kwa ana kumayamba ndi mavairasi omwe amatha okha pakapita masiku ochepa. Koma pali kutentha thupi kwina komwe kumazilala lero n'kudzabweranso sabata yamawa, ndipo ngakhale muyeze ndi mRDT kakhumi, chidacho sichidzaona kanthu. Kwa ife okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi ndi m'mapiri a Dowa, limodzi mwa mafunso ofunika pa matenda otere ndi lokhudza mileme.

Ndinene poyera kuti sindikulengeza mliri. Mfundo yanga ndi yakuti m'magazi a mileme yambiri ya mu Africa muno muli mabakiteriya, ndipo ena mwa iwo adwalitsapo kale anthu, kuphatikizapo kwa anzathu ku Zambia. Chiopsezocho n'chochepa, koma chilipo. Njira yothana nacho ndi yotsika mtengo: kutalikirana ndi mileme pakhomo ndi pasukulu, komanso kufunsa funso loyenera kuchipatala. Kuotcha kapena kupha mileme, monga ena amachitira, kumangowonjezera vuto.

Zomwe zapezeka m'magazi a mileme

Dziko lathu lili ndi mitundu ya mileme yoposa 60. Ina ndi ing'onoing'ono yodya tizilombo touluka, ndipo ndi imene imakonda kukhala m'madenga a sukulu, matchalitchi ndi zipatala. Ina ndi ikuluikulu yodya zipatso, yomwe imagona m'mitengo kapena m'mapanga. Palibe mleme woyamwa magazi mu Africa yense. Mileme yotero imapezeka ku Central ndi South America kokha. Ndikutsindika zimenezi chifukwa tonse tikukumbukira momwe mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu osalakwa m'chigawo cha kumwera mu 2017. Tikamakamba za magazi a mileme, tikunena za tizilombo tokhala m'magazi a mlemewo, osati mleme kudzapopa munthu.

Mabakiteriya odziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi a mtundu wa Bartonella. Amenewa amalowa m'maselo ofiira a magazi n'kukhalamo nthawi yaitali, mleme uli bwinobwino osadwala. Akatswiri omwe anayeza mileme 331 ku Kenya analengeza mu 2010 kuti mileme 106 inali ndi Bartonella m'magazi, kutanthauza pafupifupi umodzi mwa mileme itatu iliyonse. Mitundu iwiri ya mileme yodya zipatso imene inali m'gululi, Eidolon helvum ndi Rousettus aegyptiacus, imapezekanso kuno ku Malawi. Mtundu woyambawo ndi uja umasonkhana m'mamiliyoni ku Kasanka m'dziko la Zambia kuyambira mwezi wa October mpaka December, ndipo umauluka mitunda italiitali osadziwa malire a mayiko.

Mabakiteriyawa amachoka mu mleme wina kupita mu unzake kudzera mu tizilombo toyamwa magazi tokhala pathupi pake: tintchentche topanda mapiko tooneka ngati kangaude, nthata, nsikidzi za mileme ndi nkhufi. Apa ndi pamene munthu amalowera m'nkhaniyi. Mleme wouluka madzulo pamwamba pa bwalo sungakupatseni Bartonella. Njira zake ndi ziwiri: magazi a mleme kukhudza bala kapena maso a munthu pougwira kapena poutumbula, ndiponso kulumidwa ndi kachilombo komwe kanayamba kayamwa mleme.

Nanga zimenezi zimachitika kawirikawiri bwanji? Kafukufuku wa m'mayiko awiri akutipatsa chithunzi. Ku Ghana, komwe mileme yodya zipatso imakhala m'mitengo pakati pa anthu, akatswiri anayeza anthu oposa 300 ndipo mu 2016 analengeza kuti sanapeze umboni woti Bartonella wa milemeyo akulowa mwa anthu. Koma ku Idanre m'dziko la Nigeria, komwe amuna amalowa m'mapanga kukagwira mileme ndi manja pa mwambo wawo, anthu 8 mwa anthu 204 omwe anayezedwa anapezeka ndi chizindikiro m'magazi choonetsa kuti matupi awo anakumanapo ndi Bartonella wa mileme ya m'mapangamo. Lipoti lake linatuluka mu 2018. 

Pali mtundu wina wa mabakiteriya a m'magazi wotchedwa Mycoplasma haemohominis. Pa chilumba cha New Caledonia, komwe anthu amasaka ndi kudya mileme ikuluikulu, madokotala anafotokoza za odwala 15 omwe ankatentha thupi kwa nthawi yaitali, kutha magazi, kuwonda ndi kutupa kapamba. Ambiri mwa iwo anali atagwirapo kapena kukonzapo mileme. Ena anamwalira, pamene mankhwala omwe anathandiza ena anali doxycycline, omwe ndi odziwika ngakhale m'zipatala zathu zazing'ono.

Phanga la ku Zambia ndi nkhufi za agogo athu

Nkhani yomwe ili pafupi nafe kwambiri inachitika ku Zambia. Munthu wina analowa m'phanga la mileme, analumidwa ndi nkhufi, ndipo patapita masiku anatentha thupi kwambiri. Akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi anzawo a Hokkaido University ya ku Japan anapeza m'magazi mwake bakiteriya wa mtundu wa Borrelia yemwe sankadziwika kale. Atabwerera kuphangako anamupezanso mu nkhufi ndi m'mileme ya momwemo. Anamutcha Borrelia fainii, ndipo lipoti linatuluka mu 2019. Chaka chotsatira, akatswiri a gulu lomwelo analengeza kuti apeza Bartonella, kuphatikizapo mtundu uja wa ku Nigeria, m'mileme ndi tintchentche take ku Zambia komweko.

Dzina lakuti Borrelia lingaoneke lachilendo, koma nkhufi si zachilendo kwa agogo athu. Ndi tizilombo tofanana ndi nkhupakupa koma tofewa thupi, tobisala m'ming'alu ya zipupa ndi pansi masana n'kumatuluka usiku. Nkhupakupa imakakamira pa ng'ombe kapena galu masiku angapo, pamene nkhufi imayamwa mphindi zochepa n'kubwerera kobisala, moti munthu angadzuke osadziwa kuti walumidwa. Imathanso kukhala zaka osadya, ikudikira.

David Livingstone analemba mu 1857 za nkhufi za ku Angola ndi ku Tete ndi kutentha thupi komwe kumatsatira munthu akalumidwa. Mu 1905, madokotala Joseph Dutton ndi John Todd anatsimikiza ku Congo kuti nkhufi za m'nyumba zimafalitsa bakiteriya woyambitsa kutentha thupi kobwerezabwereza. Dutton anadwala nthendayo ndipo anamwalira komweko chaka chomwecho. Lero bakiteriyayo amatchedwa Borrelia duttonii. M'chigawo cha Dodoma ku Tanzania nthendayi ndi yodziwika bwino chifukwa chopititsa amayi padera komanso kupha makanda. Nkhufi za m'mapanga a mileme ndi mtundu wina, ndipo Borrelia wake ndi wina, koma nkhani ya ku Zambia yatiphunzitsa kuti nazonso zikapeza munthu zimaluma ndi kupatsira.

Tsono taganizani za kwathu kuno. Nkhalango ya Ntchisi, momwe makolo athu ankabisalamo pa nkhondo za Angoni, idakali ndi mitengo ikuluikulu ya nkhuyu ndi ina yazipatso. Ku Kongwe ndi m'mapiri ena a Dowa muli miyala ya ming'alu ndi timapanga momwe abusa a mbuzi amausamo mvula, ana amaseweramo, ndipo anthu ena amakapempherako usiku wonse. Anthu ofuna nkhuni, bowa ndi uchi amadutsa momwemo. Kumudzi nako, madenga a malata okhala ndi siling'i asanduka mapanga atsopano a mileme. Mipata yoti munthu ndi mleme akumane ikuchuluka pamene nkhalango zikuchepa.

Chifukwa chake mRDT singaone matendawa

Kuyambira mu 2011 dziko lino linafalitsa mRDT m'zipatala, ndipo lamulo lakuti tiyeze kaye tisanapereke LA lapulumutsa mankhwala ndi miyoyo. Koma chidachi chinapangidwa kuti chizindikire kachilombo ka malungo basi. Borrelia, Bartonella ndi Mycoplasma sangaoneke pamenepo.

Kale, pamene malungo ankayezedwa ndi maikulosikopu okha, woyeza watcheru ankatha kuona Borrelia mwangozi pagalasi lomwelo, chifukwa amaoneka ngati kaulusi kopotana pakati pa maselo a magazi. Lero wodwala yemwe mRDT yamukana kawirikawiri safika n'komwe ku labotale. Ichi ndi chifukwa chake mbiri ya wodwala ili yofunika kuposa kale.

Kutentha thupi kwa Borrelia kuli ndi kayendedwe kake. Kumayamba pakatha pafupifupi sabata munthu atalumidwa. Thupi limatentha kwambiri masiku ngati atatu, mutu kuwawa, kuphwanya m'thupi ndi kunjenjemera, kenaka munthu amatuluka thukuta n'kupeza bwino. Pakatha sabata ina, zonse zimayambiranso. Chimachitika n'chakuti bakiteriyayu amasintha chikopa chake, ndiye asilikali a m'thupi omwe anamuzindikira poyamba amamuona ngati mlendo. Pa masiku opeza bwinowo mabakiteriya amachepa kwambiri m'magazi, choncho magazi oyeza ayenera kutengedwa pamene thupi latentha. Kholo lodikira kuti mwana ayambe wapezako bwino ndiye apite kuchipatala limafika nthawi yomwe woyeza sangaone kanthu.

Ena anganene kuti tili ndi malungo, chibayo, kolera ndi kunyentchera, ndiye kutaya nthawi ndi mileme n'kusowa chochita. Ndikuvomereza kuti matenda amenewo ndiwo akupha ana athu ambiri, ndipo ndalama zochepa zomwe tili nazo ziyenera kupita kumeneko poyamba. Koma chomwe ndikupempha sichifuna bajeti. Kufunsa wodwala ngati analowa m'phanga, anagona m'chipinda chokhala mileme kapena anagwira mleme kumatenga mphindi imodzi. Maikulosikopu alipo kale pa zipatala za boma za Dowa ndi Ntchisi. Mankhwala ake ndi omwe timawadziwa kale. Chosowa ndi funso lokha, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kupha mileme kumabwezera vuto kwa ife

Munthu akamva zonsezi, maganizo oyamba ndi kutenga moto, utsi wa matayala kapena mankhwala a mbewu n'kukathana ndi mileme ya m'denga. Ena amawonjezera chikhulupiriro chakuti mleme ndi ndege ya mfiti. Ndikupempha kuti tiganize kawiri.

Choyamba, tsiku lopha mileme ndilo tsiku lomwe anthu amaigwira kwambiri. Ana amatola yakufa ndi yovulala, agalu ndi amphaka amadya, magazi ali mbwee. Chachiwiri, mileme ikafa, nkhufi ndi nsikidzi zake zimatsala m'denga zili ndi njala, ndipo zimatsikira kwa anthu ogona pansi pake. Chachitatu, mankhwala opopera m'denga la kalasi amapumidwa ndi ana omwewo tikufuna kuwateteza.

Ku Uganda zimenezi anaziyesa. Ogwira ntchito mu mgodi wa Kitaka atadwala Marburg mu 2007, anthu anapha mileme zikwizikwi ya mu mgodimo. Patapita zaka zochepa mileme ina inadzalowamo, ndipo itayezedwa, gawo la yomwe inali ndi kachilomboko linali litakwera kuposa kawiri poyerekeza ndi poyamba. Mu 2012 Marburg inabukanso ku Ibanda, tauni yapafupi ndi mgodiwo. Marburg ndi vairasi, si bakiteriya, koma phunziro lake ndi limodzi: mukapha mileme, malo ake amadzalowa ina, ndipo matenda sachoka.

Tisaiwalenso ntchito yomwe mileme imatigwirira usiku tili m'tulo. Yaing'onoyo imadya agulugufe a usiku ndi tizilombo tina towononga mbewu. Mlimi aliyense wa ku Dowa akukumbukira momwe ntchemberezandonda zinasakazira chimanga mpaka boma kulengeza za ngozi mu December 2017. Mbozi imeneyo imachokera ku gulugufe wouluka usiku. Alimi a makademiya a ku Ntchisi adziwe kuti kafukufuku wa m'minda ya makademiya ku Limpopo m'dziko la South Africa anaonetsa kuti mitengo yomwe mileme ndi mbalame zinatsekeredwa kuti zisafikeko inawonongedwa kwambiri ndi tizilombo toboola mtedza. Ikuluikuluyo imamwaza njere za nkhuyu ndi mitengo ina kutali, ndipo nkhalango yomwe mitsinje yathu imachokera imadalira ntchito imeneyo.

Zoyenera kuchita pakhomo ndi pasukulu

Lamulo loyamba kwa ana likhale lomveka ngati la njoka: mleme sagwira ndi manja, wamoyo kapena wakufa. Mleme wopezeka pansi masana nthawi zambiri ndi wodwala kapena wovulala, ndipo ndi umene umaluma. Munthu wamkulu aukankhire m'katoni ndi fosholo kapena mtengo. Wakufa aukwirire mozama kuti agalu asafukule. Anyamata a legeni auzidwe kuti mleme si mbalame yootcha, chifukwa ngozi yaikulu ili pa kusenda ndi kutumbula, moto usanafike n'komwe.

Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likhale laling'ono ngati la singano. Apa nkhawa yaikulu ndi chiwewe. Chiwewe chambiri m'dziko muno chimachokera kwa agalu, koma mileme ya mu Africa ili ndi mavairasi achibale ake, omwe anapha anthu ku South Africa mu 1970 ndi mu 2006. Katemera amagwira ntchito zizindikiro zisanayambe. Zikayamba palibe mankhwala.

Osagona m'phanga kapena pansi pa mwala pomwe pali zitosi za mileme. Wolowamo pa chifukwa chilichonse avale nsapato zotseka ndi zovala zofika m'miyendo ndi m'manja, asakhale pansi, ndipo akatuluka akutumule zovala asanalowe m'nyumba. Amayi oyembekezera asalowemo n'komwe.

Zitosi za mileme ndi manyowa abwino, ndipo ndi mitengo ya feteleza ya masiku ano palibe angadabwe kuona mlimi akuzikokola. Koma fumbi lake likhoza kukhala ndi fangasi woyambitsa chifuwa chofanana ndi TB, makamaka kwa omwe chitetezo cha m'thupi chatsika. Wazani madzi kaye kuti fumbi lisabuke, phimbani mphuno ndi pakamwa, valani magolovesi kapena majumbo m'manja, ndipo ntchitoyi isapatsidwe ana a sukulu ngati chibalo.

Mileme ya m'denga imachotsedwa popanda kuipha. Khalani panja dzuwa likamalowa n'kuona mabowo omwe ikutulukira. Tsekani mabowo ena onse, n'kusiya aakulu omwe ikugwiritsa ntchito. Pa amenewo khomani pulasitiki kapena kaneti kumtunda kokha, kunsi kuli lendelende, kuti mleme uzitha kutuluka koma uzilephera kubwerera. Pakatha masiku angapo phokoso litatha, matani mabowowo ndi simenti kapena waya wa sefa. Mukatero yeretsani m'denga ndi kupopera mankhwala ophera tizilombo motsogozedwa ndi mlangizi wa zaumoyo, chipindacho musanayambe kugonamo kapena kuphunziriramo. Ntchitoyi ichitike m'nyengo yopanda mvula, monga pa tchuthi chachikulu cha sukulu, chifukwa mileme yambiri imabereka kumayambiriro kwa dzinja, ndipo mukatseka nthawi imeneyo ana osauluka amafera m'denga n'kuwola. Bungwe la African Bat Conservation la ku Lilongwe limagwira ntchito yothandiza anthu pa mavuto a mileme m'nyumba, ndipo makomiti a sukulu angapemphe uphungu kumeneko.

Nyumba zadothi nazo zimatidwe ming'alu ndi kuziridwa pafupipafupi. Kugona m'neti yopisiridwa bwino pansi pa mphasa kapena matiresi kumachepetsa kulumidwa ndi tizilombo tambiri ta usiku, osati udzudzu wokha.

Kwa mavolontiya, alangizi ndi anzanga m'zipatala

Inu amene mumayendera makomo, mukapeza munthu yemwe watentha thupi kawiri kapena katatu motsatizana koma malungo osapezeka, funsani zinthu zitatu: komwe wagona masabata atatu apitawa, nyama yomwe wagwira kapena kukonza, ndi ngati waona zilonda za kulumidwa pathupi. Lembani mayankhowo pa kalata yotumizira, pamodzi ndi masiku omwe thupi linatentha ndi omwe linazizira. Kapepala kameneko kangapangitse wachipatala kutumiza magazi ku labotale m'malo molemba panado kachitatu. Mayi woyembekezera, khanda, munthu wa maso achikasu, wotuwa zikhato, wotupa m'mimba chakumanzere kapena wosokonezeka mutu asadikire kubwereza, apite msanga. Ngati mukukayika, Chipatala cha pa Foni chilipo.

Makolo, musagule doxycycline kapena makapisozi ena pamsika kaamba kakuti mwawerenga dzina lake pano. Mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono amafuna mankhwala osankhidwa mosamala, ndipo woyenera kusankha ndi wachipatala. Komanso pa matenda a Borrelia, maola oyamba munthu atamwa mankhwala amatha kunjenjemera kwambiri, thupi kutentha koposa ndi kuthamanga kwa magazi kutsika, chifukwa mabakiteriya ambiri akufa nthawi imodzi. Mlingo woyamba uyenera kumwedwa pamaso pa achipatala. Kumwa maantibayotiki mwachisawawa kukuchititsa kale kuti mankhwala ambiri asiye kugwira ntchito, ndipo sitikufuna kuwonjezera vuto limenelo.

Kwa ife ophunzitsidwa zachipatala, pempho langa ndi lakuti mRDT ikakana kachiwiri, tisatseke buku. Tipemphe galasi la magazi thupi lili lotentha, ndipo timuuze wa ku labotale chomwe tikufuna kuti ayang'ane, chifukwa diso limaona chomwe lauzidwa kusaka. Masukulu ophunzitsa zaumoyo abwezeretse chithunzi cha Borrelia pamaso pa ophunzira. Nawo a Public Health Institute of Malawi, a KUHeS ndi a LUANAR aganizire zoyeza mileme, nkhufi ndi magazi a odwala otentha thupi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, monga anzathu a ku Zambia anachitira ndi phanga lawo. Iwo anamudziwa Borrelia fainii chifukwa wina anagwirizanitsa kutentha thupi kwa wodwala ndi phanga lomwe analowamo.

Komiti ya sukulu kapena ya zaumoyo m'mudzi mwanu ikakumana mwezi uno, ikani nkhaniyi pa mndandanda: ndi madenga ati ali ndi mileme, ndani adzatseke mabowo mvula isanayambe, ndipo ndani adzauze ana pa asembule kuti mleme sagwira ndi manja.